Nkhomaliro ya rugby pakati pa minda ya tiyi: mmene katswiri wopuma amakumanitsira a bizinesi

Kuno ku Mulanje ndi Thyolo mukati mpira, munthu amaganiza za Bullets ndi Wanderers, apo ayi za ma Queens. Mpira wa rugby, wosongoka mbali zonse ziwiri uja, wooneka ngati papaya, ambiri amangowuona pa SuperSport n'kusintha tchanelo. Komabe pali kagulu ka anthu kamene sikaphonya Springboks, timu ya dziko la South Africa, ikamalimbana ndi All Blacks ya ku New Zealand, ndipo kwa munthu wochita bizinesi m'maboma awiriwa kagulu kameneka n'kofunika kuposa mmene kamaonekera. Muli mamanijala a m'maesiteti a tiyi ndi makademiya, mainjiniya a m'mafakitale, oyang'anira zogula katundu, ndi ogulitsa feteleza ndi mathirakitala ochokera ku Limbe. Ena anakulira ku Zimbabwe, ku Kenya kapena ku South Africa, ena ndi Amalawi amene anausewera mpirawu kusukulu. Ambiri mwa anthu osaina maoda ali m'kagulu kameneka.

M'maiko amene rugby inazika mizu muli mwambo wodziwika bwino. Makampani amagula mipando kapena tebulo lonse, anthu amadya nkhomaliro, wosewera wakale amaimirira n'kufotokoza zimene anakumana nazo pabwalo, jezi yosainidwa imagulitsidwa pa okushoni, kenako anthu amacheza mpaka madzulo. Mwambo wotere ungathe kuchitika pa kalabu ya Thyolo, pa kalabu ya Mulanje, kapena pa loji iliyonse yokhala ndi kapinga wokwanira. Koma okonza ambiri amalakwitsa chinthu chimodzi: mtima wawo wonse, ndi ndalama zawo zonse, amaziika pa mlendo, wosewera wakale uja. Ntchito ya katswiri wopuma ndi kudzaza mipando ndi kumasula malilime. Bizinesi yeniyeni imabadwira pa ndandanda ya amene akhale ndi yani, ndi pa zimene zichitike m'masabata awiri otsatira. Zina zonse zikutumikira zinthu ziwirizi.

Chifukwa chake ndi rugby

Mpaka mu Ogasiti 1995, malamulo a rugby ankaletsa kulipira osewera. Munthu ankatha kusewerera dziko lake Loweruka pamaso pa chikhamu cha anthu, Lolemba n'kubwerera ku ofesi, kuchipatala kapena kumunda. David Kirk, amene anatsogolera New Zealand potenga chikho choyamba cha dziko lonse mu 1987, anali dokotala, ndipo pambuyo pake anakhala mkulu wa kampani ya nyuzipepala ya Fairfax ku Australia. Tony O'Reilly wa ku Ireland anafika pokhala mkulu wa kampani ya zakudya ya Heinz. Motero kwa zaka zambirimbiri kalabu ya rugby inali malo amene loya, mlimi, wa ku banki ndi makanika ankavala jezi imodzi n'kumagwera m'matope amodzi. Panalinso chizolowezi chimene chikadalipo, choti masewero akatha matimu onse awiri amadyera pamodzi ndipo makaputeni amayankhula. Afalansa amati chimenechi ndi chigawo chachitatu cha masewero. Nkhomaliro ya a bizinesi inangotenga chizolowezi chimenechi n'kuchichotsa pabwalo.

Osewera atayamba kulipidwa, panabwera vuto lina. Thupi la wosewera rugby silipirira nthawi yaitali, ndipo ambiri amapuma asanafike zaka 35 ali ndi mawondo ndi mapewa opweteka. Amayenera kuyamba moyo wina. George Gregan, amene anabadwira ku Lusaka n'kusewerera Australia maulendo 139, anatsegula malo ogulitsira khofi. Tendai Mtawarira, mwana wa ku Harare amene anasewerera Springboks maulendo 117 n'kupuma atatenga chikho mu 2019, analowa bizinesi ya zachitetezo. Anthu otere amakhala ndi nkhani ziwiri, ya pabwalo ndi ya mmene anayambira bizinesi dzina lokha lili m'manja. Kwa mayi wosoka mayunifomu ku Luchenza, nkhani yachiwiriyi ndi imene ili ndi phindu.

Masewerowo pawokha ali ndi zinthu zosavuta kuzimvetsa ngakhale kwa munthu amene sanawaonepo. Timu imakhala ndi anthu 15, asanu ndi atatu amphamvu akutsogolo ndi asanu ndi awiri aliwiro akumbuyo, ndipo amasewera mphindi 80. Mpira suponyedwa kutsogolo ndi manja. Wothamanga nawo akafuna kupatsira mnzake, mnzakeyo ayenera kukhala kumbuyo kwake kapena pambali, choncho wopita yekha patsogolo amagwetsedwa alibe womulandira. Pa scrum, amuna asanu ndi atatu amagwirana mapewa n'kukankhana ndi anzawo asanu ndi atatu, ndipo mmodzi akangomasula mkono zonse zimagwa. Pa lineout, awiri amanyamula mnzawo m'mwamba kuti awakhe mpira, iye n'kuwakhulupirira kuti amutsitsa bwino. Munthu wa pa esiteti safuna womasulira kuti aone fanizo lake: wotchola, kapitawo, woyendetsa thirakitala ndi wa ku fakitale, mmodzi akachedwa tsamba limapsa m'matumba lisanafike.

Tsiku, malo ndi mlendo

Tsiku silisankhidwa poyang'ana kalendala ya rugby yokha. Kuyambira Disembala mpaka Epulo tiyi amakhala pachimake, mafakitale amagwira usana ndi usiku, ndipo manijala amene mukumufuna sangachoke pa esiteti maola asanu. Misewu ya fumbi yolowa m'minda imakhalanso yoterera. Juni ndi Julayi ntchito imachepa, koma chiperoni chikhoza kugwa masiku atatu osaleka, ndiye ngati mwambo uli panja pafunika tenti yokhala ndi zotchinga m'mbali. Ogasiti ndi Seputembala ndiyo miyezi yabwino. Pewani Lachiwiri, tsiku la okushoni ya tiyi ku Limbe. Pewani masiku a malipiro kumapeto kwa mwezi, sabata ya mpikisano wa onyamula katundu wokwera phiri ku Likhubula mu Julayi pamene malo ogona amadzaza, ndi sabata ya Mulhako wa Alhomwe ku Chonde mu Okutobala.

Mwayi umene tili nawo ndi wakuti nthawi yathu ndi imodzimodzi ndi ya ku South Africa. Springboks ikamasewera kwawo, kawirikawiri masewero amayamba cha m'ma 5 koloko madzulo, ndiye nkhomaliro yoyamba 12 koloko imathera pa kanema popanda kukakamiza munthu. Ikamasewera ku New Zealand, kuno amakhala m'ma 9 koloko m'mawa, ndipo pamenepo mwambo ukhoza kusanduka kadzutsa, umene ndi wotchipa ndiponso mowa sulowererapo.

Za mlendo ndiye pamene pamafunika mutu wozizira. Maina aakulu a Springboks ngati Siya Kolisi, Bryan Habana kapena John Smit amadutsira kwa maejenti, amafuna malipiro mu ndalama zakunja, tikiti ya ndege yofikira ku Chileka, malo ogona ndi galimoto. Kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zikusowa m'mabanki, dzina lotere ndi katundu wosenzeka ndi kampani yaikulu yokha. Pempho lotumiza ndalama kunja lipite ku banki miyezi itatu mwambo usanachitike, lili ndi mgwirizano wosainidwa ndi invoyisi. Palinso msonkho. Munthu wosakhala m'dziko muno akalipidwa pa ntchito yochitikira kuno, wolipirayo amadula msonkho, kawirikawiri 15 peresenti, n'kuupereka ku MRA. Mkangano umabuka ejenti akanena kuti mtengo umene anatchula ndi wolowa m'thumba. Tiyerekeze kuti mwagwirizana madola 2,000 olowa m'thumba: ndiye kuti inu muyenera kukonza madola pafupifupi 2,353, chifukwa 2,000 ndi 85 peresenti ya ndalama yonseyo. Akauntanti aione nkhaniyi mgwirizano usanasainidwe, ndipo kalata ipite ku Immigration kufotokoza kuti mlendoyo akudzayankhula molipidwa.

Ife tikuona kuti pa mwambo woyamba dzina lalikulu n'losafunika. Wosewera wakale wa Sables ya ku Zimbabwe, timu imene mu 2025 inapeza malo ku mpikisano wa dziko lonse wa 2027 ku Australia itagonjetsa Namibia, kapena wa makalabu a ku Copperbelt, kapena wa timu ya anthu asanu ndi awiri ya ku Kenya imene inatenga chikho ku Singapore mu 2016, amabwera pa mtengo wofikirika. Wa ku Harare akhoza kudzera pa Mwanza, wa ku Lusaka pa Mchinji ndipo Chinyanja amachimva. Koposa zonse, amadziwa kuchita bizinesi kumene magetsi amazima ndiponso dizilo amasowa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kakhale kometa tsitsi lathu. Musanamuitane, muoneni akuyankhula pa kanema kapena chezani naye pa foni mphindi 20. Kusewera bwino ndi kuyankhula bwino ndi mphatso ziwiri zosiyana, ndipo ena amangodziwa nthabwala za m'bala zimene sizingayankhulidwe pamaso pa amayi, abusa ndi mafumu.

Mgwirizano ulembe zinthu zooneka zazing'ono: afika liti, ayankhula mphindi zingati, ayendera matebulo onse kapena ayi, asaina zinthu zingati, zithunzi zake mungazigwiritse ntchito pati ndiponso mpaka liti, ndipo akalephera kubwera ndalama ibwezedwa bwanji. Perekani theka posaina, theka mwambo utatha. Afike dzulo lake, osati m'mawa wa tsikulo, chifukwa ndege ikachedwa maola awiri mwambo wonse wagwa. Madzulo a dzulo lakelo muyendetseni m'munda ndi mu fakitale, aone tsamba likufota pa malo ake ofotetsera, amve fungo la tiyi akuuma, acheze ndi alimi ang'onoang'ono. Mawa lake nkhani zake zidzakhala ndi Thyolo mkati.

Tebulo la anthu asanu ndi atatu

Apa ndiye pagona nkhani. Anthu 80 pa matebulo 10 ndi muyeso wabwino kuno. Akapitirira pamenepo mumakhala mwadzaza chipinda ndi anthu odzangodya. Tebulo lililonse likhale la anthu asanu ndi atatu, ngati scrum, ndipo mipando ikhale ndi manambala 1 mpaka 8. Izi si zokongoletsa chabe. Pa tebulo la anthu 10 kapena 12 macheza amagawikana pawiri ndipo wamanyazi amatha maola atatu osatsegula pakamwa, pamene pa asanu ndi atatu aliyense amamva mnzake.

Kampani ikagula tebulo, chibadwa chake n'kudzaza ndi antchito ake, n'kumacheza nkhani za ku ofesi zomwe zija. Lamulo likhale lomveka kuyambira pa kalata yoitanira: wogula tebulo amabweretsa anthu anayi, mipando inayi yotsalayo okonza ndiwo amaikapo anthu. Pa tebulo lililonse pakhale mmodzi kapena awiri ogula katundu, atatu ogulitsa katundu kapena ntchito zosapikisana, mmodzi wa ku banki kapena inshuwalansi, ndi mmodzi wotsogolera macheza amene mwamukonzekeretsa. Osoka mayunifomu awiri asakhale tebulo limodzi, chifukwa aliyense amabisa mitengo yake n'kungokhala chete.

Kuti mudziwe woika pati, fomu yolembetsa ifunse mafunso awiri okha kuwonjezera pa dzina ndi nambala: mumagulitsa chiyani, ndipo mukufuna kugula kapena kupeza chiyani m'miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi? Yankho loti "bizinesi zosiyanasiyana" libwezedwe. Mukufuna mayankho ngati awa: nkhuni za bulugamu matani akutiakuti pa mwezi, malole awiri a matani 10 opita ku Limbe, majombo ndi majasi a mvula a otchola, chimanga ndi nyemba za chakudya cha antchito, kuwotcherera zitsulo za mu fakitale, mbande za makademiya, chinanazi ndi mapeyala a m'maloji. Sabata imodzi mwambo usanachitike, anthu awiri odziwa bwino maboma awiriwa akhale pansi ndi timapepala 80 n'kumatisuntha pa tebulo mpaka aliyense akhale ndi munthu mmodzi amene ali ndi chifukwa chomuyankhulira. Ntchitoyi imatenga tsiku lathunthu, ndipo ndi imene ambiri amaisiya mpaka usiku womaliza.

Pali vuto lina limene tiyenera kulinena poyera. Makalabu a m'maboma awiriwa anayamba m'nthawi ya atsamunda ngati malo a eni minda, ndipo mpaka lero alipo anthu a ku Chitakale, ku Bvumbwe ndi ku Limbuli amene amadutsa pa geti osaganizapo zolowa. Rugby payokha imaonedwa ngati masewero a mabwana. Mukangolengeza mwambo n'kuika mtengo, mudzapeza anthu omwe aja odziwana kale, ndipo palibe chatsopano chidzabadwe. Mipando yosachepera 16, iwiri pa matebulo asanu ndi atatu, ilipiridwe ndi kampani yothandiza n'kuperekedwa kwa a bizinesi zing'onozing'ono ndi atsogoleri a magulu a alimi monga a Sukambizi, Thuchila ndi Msuwadzi. Asamangolandira khadi. Aimbiridwe foni, auzidwe kuti adzakhala ndi yani, avale bwanji, ndipo abweretse chiyani: satifiketi ya kulembetsa bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN, mndandanda wa mitengo wa tsamba limodzi, ndi chitsanzo cha katundu ngati n'chonyamulika. Amayi akhale pa tebulo lililonse, osati kuwaunjika pa tebulo limodzi la kumbuyo.

Taonani mmene zimayendera wotsogolera macheza akadziwa ntchito yake. Mayi wosoka wakhala pa mpando 4, chikwama chili pamiyendo, sanayankhule chilichonse kupatula moni. Pa mpando 5 pali bambo woyang'anira zogula pa esiteti, akuyang'ana foni. Wotsogolera sakuti "tiyeni tidziwane". Akuti, "Bwana, majasi a mvula a chaka chatha anatha miyezi ingati?" Bamboyo akuika foni pansi, akudandaula kuti amang'ambika m'khwapa mvula isanathe. Wotsogolera akutembenuka: "Mayi, inu m'khwapamo mumasoka bwanji?" Mayi akutsegula chikwama, akutulutsa jasi, akulitembenuza kuti aonetse msoko wapawiri ndi kansalu kolimbitsira. Bamboyo akulikoka ndi manja awiri. Palibe oda imene yasainidwa, koma Lolemba foni ya mayiyo ikalira, bwana uja aiyankha.

Kayendedwe ka tsikulo

Anthu afike 12 koloko, alandire baji yolembedwa dzina ndi chimene amachita m'zilembo zowerengeka munthu ali mapazi atatu. Mphindi 30 zoyamba zikhale za pa kapinga. Ana asukulu 14 asewere rugby ya malamba, imene mmalo mogwetsana amangosolola kansalu kolendewera m'chiuno, ndipo mlendo azifotokoza pa maikolofoni chimene chikuchitika. Mphindi 10 zakwana kuti munthu amvetse chifukwa chake mpira ukubwerera kumbuyo, kuti try ndi kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere ndipo ndi mapointi 5, kuti kumenya pakati pa mitengo pambuyo pake ndi 2, ndipo penate ndi 3. Alendo akhoza kuyesa kupatsirana mpira, koma asayese kugwetsana kapena kunyamulana. Bambo wa zaka 50 wovala nsapato za ku ofesi pa kapinga wonyowa ndi ulendo wa kuchipatala.

Pemphero, malonje a mfumu kapena woimira khonsolo, ndi mawu a kampani yothandiza zonse pamodzi zisapitirire mphindi 12. Apa pamafunika wotsogolera mwambo wolimba mtima koma waulemu, wokambirana ndi oyankhulawo dzulo lake, chifukwa kwathu kuno maikolofoni akafika m'manja mwa wolemekezeka sabwerera msanga. Chakudya chibwere mlendo asanayankhule. Anthu anjala samva, ndipo phokoso la mbale limameza mawu, choncho operekera zakudya aime pamene iye wayamba.

Mlendo asapatsidwe nsanja kuti alalikire mphindi 45. Njira yabwino ndi kucheza: mipando iwiri kutsogolo, wofunsa mmodzi, mphindi 25, kenako mafunso a anthu mphindi 10. Wofunsa akhale wodziwa rugby pang'ono ndi bizinesi kwambiri, womasuka m'Chichewa ndi m'Chingelezi, kuti pakatha yankho lililonse lalitali azimanga mfundo yake m'ziganizo ziwiri za Chichewa. Kumasulira chiganizo ndi chiganizo kumachulukitsa nthawi kawiri ndipo kumapha nthabwala. Mafunso akhale ofuna nkhani, osati malangizo. Mukafunsa kuti utsogoleri n'chiyani, mumva zimene aliyense anamvapo kale. Funsani za tsiku limene anachotsedwa mu timu ndiponso amene anamuuza, za mmene kaputeni amayankhulira ndi woyimbira amene walakwitsa, za ndalama yoyamba imene anataya atapuma, za kasitomala woyamba amene sanamudziwe n'komwe kuti anali katswiri. Nkhani ya Nelson Mandela atavala jezi nambala 6 popereka chikho kwa kaputeni wa Springboks, Francois Pienaar, pa bwalo la Ellis Park mu 1995 ndi yokoma, koma okonda rugby anaimva kambirimbiri, ndipo mlendo amene sanalipo asathere nthawi pamenepo.

Akatha kuyankhula, anthu a pa mipando 2, 4, 6 ndi 8 asamuke kupita pa tebulo lachiwiri limene linalembedwa kale kuseri kwa baji yawo, ndipo tiyi ndi zotsekemera ziperekedwe pamenepo. Motero munthu aliyense amachoka atacheza ndi anthu osachepera 11. Mlendo ayende tebulo ndi tebulo, mphindi zinayi paliponse, ali ndi womuperekeza womuchotsa mwaulemu, apo ayi okonda rugby atatu amugwira pa bala mpaka dzuwa kulowa.

Ndalama, ndi kumene zimathawira

Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti muone kawerengedwe. Tinene kuti zolipira zosasintha, monga mlendo, ulendo wake, tenti, zokuzira mawu, jenereta ndi zosindikiza, zakwana K6,000,000. Chakudya ndi zakumwa ndi K35,000 pa munthu, anthu 80, ndiye K2,800,000. Zonse pamodzi K8,800,000. Kampani yothandiza yapereka K4,000,000, kwatsala K4,800,000. Wokonza wosazolowera amagawa ndi 80 n'kupeza tikiti ya K60,000. Koma mipando 16 ndi ya oitanidwa, ina ndi ya mlendo, mfumu, atolankhani ndi otsogolera macheza, ndipo olipira enieni mwina ndi 56. Pa K60,000 mupeza K3,360,000 yokha, ndipo K1,440,000 ituluka m'thumba mwanu. Gawani ndi 56, tikiti ikhale pafupifupi K86,000. Mpando usasungidwe ndi lonjezo. Ndalama ilowe ku banki, pa Airtel Money kapena pa Mpamba masiku asanu ndi awiri mwambo usanafike, chifukwa wophika amafuna nambala yeniyeni ndipo "tidzalipira pa khomo" ndi amene sabwera.

Okushoni ikhale yaifupi, zinthu zitatu kapena zinayi: jezi yosainidwa, mpira, mwina usiku umodzi pa loji. Jezi isainidwe pamaso pa anthu kuti pasakhale wokayika. Chilichonse chikhale ndi mtengo woyambira umene wina walonjeza kale, chifukwa palibe chochititsa manyazi ngati mlendo ataimirira ndi jezi yake anthu ali duu. Wopambana alipire asanatuluke. Nenani poyera kumene ndalamayo ikupita, ndipo ngati ndi ku mipira ndi malamba a sukulu imene ana ake asewera, mphunzitsi wawo aimirire anthu amuone. Mukafuna kugulitsa matikiti a mwayi, pamafunika chilolezo cha bungwe loona za juga ndi mipikisano yotere, ndipo nyimbo zoimbidwa pagulu zili ndi chiphaso chake ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo.

Zolakwika zina n'zodziwikiratu. Magetsi amazima mlendo ali pakati pa nkhani, choncho zokuzira mawu ndi kanema zilumikizidwe ku jenereta kuyambira pachiyambi, jeneretayo ikhale patali mamita 30 kuseri kwa khoma, dizilo agulidwe sabata yathayo. Mvula yamphamvu imadula DStv, ndiye pakhale foni ya intaneti yoyesedwa kale pamalopo. Mowa waulere wopanda malire umasandutsa mwambo kukhala phwando pofika 3 koloko: perekani makuponi awiri pa munthu, zotsalazo agule yekha, ndipo kumbukirani kuti msewu wa Thyolo kupita ku Limbe uli ndi makona, nkhungu ndi anthu oyenda pansi. Pa chakudya pakhale nyama yophedwa mwa Chisilamu, ndipo ngati mwaika mwambo Loweruka dziwani kuti a Seventh Day, amene ndi ambiri ku Thyolo kufupi ndi Malamulo, mwawasiya kunja. Pa chifukwa chimenechi Lachisanu nthawi zina limaposa Loweruka, ngakhale pasakhale masewero oonera.

Chinthu china n'chobisika koma n'choopsa. Mwaika wogula ndi wogulitsa pa tebulo limodzi, pali chakudya ndi mphatso. Mzere wa pakati pa kudziwana ndi katangale ndi wopyapyala. Maesiteti ambiri amayenderedwa ndi mabungwe monga Rainforest Alliance ndi Fairtrade, ndipo ali ndi malamulo awo pa za mphatso. Wogulitsa asalipirire tikiti ya munthu amene akuunika koteshoni yake. Wotsogolera mwambo anene kumayambiriro kuti pano tikudziwana, maoda adzadutsa njira zake za nthawi zonse. Makampani opikisana, monga eni malole, asagwiritse ntchito tebulo kugwirizana mitengo, chifukwa zimenezo ndi mlandu ku Competition and Fair Trading Commission. Mawu amenewa amamasula oyang'anira zogula, amene ambiri amakana miyambo yotere poopa kuoneka ngati adyetsedwa.

Masabata awiri otsatira

Pa tebulo lililonse pakhale timakhadi tolembapo kuti "ndikufuna kukumananso ndi", munthu alembe maina osapitirira atatu n'kuponya m'bokosi potuluka. Pasanathe maola 48, wokonza aone amene atchulana onse awiri n'kuwalumikiza ndi uthenga umodzi wotchula chimene anakambirana. Amene watchulidwa koma iye sanatchule, afunsidwe kaye asanaperekedwe nambala yake. Gulu la WhatsApp la anthu onse 80 musalitsegule. Pakatha masiku atatu limadzaza ndi mauthenga a m'mawa wabwino ndi malonda a nsapato, ndipo oyamba kutuluka ndi mabwana aja munawavutikira.

Wogulitsa wamng'ono amagwa pa malo awiri. Poyamba ndi mapepala: esiteti imafuna koteshoni yolembedwa bwino, akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesi, umboni wa msonkho, ndipo pa zakudya chiphaso cha Malawi Bureau of Standards. Pachiwiri ndi mpamba. Kampani yaikulu imalipira patapita masiku 30 kapena kuposerapo katundu ataperekedwa, pamene mayi wosoka uja ayenera kugula nsalu ku Limbe ndi ndalama ya m'manja lero. Oda ya majasi 500 ikhoza kumugwetsa mmalo momukweza. N'chifukwa chake wa ku banki anakhala pa tebulo lija, kuti afotokoze ngongole yoperekedwa poonetsa oda, ndiponso n'chifukwa chake wokonza ayenera kupempha ogula kuti ayambe ndi oda yoyesera, majasi 50, yolipiridwa m'masiku 14.

Pa tsiku la 14, imbirani foni anthu 16 oitanidwa aja mmodzimmodzi, ndipo mufunse zinthu zitatu: mwakumananso ndi yani, mwapemphedwa koteshoni, ndipo chakutsekerezani n'chiyani. Muimbenso pakatha masiku 90. Mayankho amenewa alembedwe pa tsamba limodzi, manambala ali poyera, n'kupita kwa kampani yothandiza pamodzi ndi risiti ya mipira imene inagulidwa ndi ndalama ya jezi ija, musanapemphe thandizo la chaka chamawa.